Ana Asanu a Jesi

Elton Mumba anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto ku Ntchisi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankayang'anira madibi anayi, ankabaya ng'ombe katemera, ndipo mbuzi ikalephera kuswa anthu ankamutsatira ngakhale kutchalitchi. Mkazi wake Mwandida, yemwe ndi namwino, atapeza ntchito pa chipatala china chachikulu cha boma ku Sheffield, Elton anatsatira pamodzi ndi mwana wawo Khumbo. Mapepala ake a sukulu sanagwire ntchito kumeneko. Anamulemba ntchito pa nyumba yaikulu yosungiramo katundu, komwe ankamata makatoni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zaka zinayi zinatha asanakhudzeko chiweto ndi dzanja.

Kenako mu wodi ya Mwandida munagonekedwa mkulu wina wodwala sitiroko, a Rowland, mlimi wa nkhosa wa kumapiri a kumadzulo kwa mzindawo, komwe basi imathera. Lilime lawo litayamba kumasuka, sankafunsa za dzanja lawo lakumanja limene linali litafooka. Ankangofunsa za nkhosa zawo mazana awiri ndi galu wawo Jesi. Akazi awo anamwalira kalekale, ana analibe, ndipo mnansi amene ankawayang'anirako ziwetozo anali atatopa nazo.

"Bambo a Khumbo," Mwandida anatero tsiku lina akuvula nsapato za kuntchito, "kuli madala ena amene akutuluka Lachisanu. Kwawo kulibe munthu, kuli nkhosa zokhazokha. Ndawauza kuti inu ziweto mumazidziwa."

"Mwawauziranji? Nkhosa za kuno zifuna munthu wa ku Ntchisi?"

"Nkhosa ndi nkhosa. Mukangowaonako Loweruka. Ngati n'kukana, mukakane muli komweko."

Elton anapita. Anatsika basi pa siteji yomaliza n'kuyenda mphindi makumi atatu m'kanjira ka pakati pa mipanda ya miyala. A Rowland anamulandira atatsamira ndodo, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. Sanataye nthawi ndi malonje. Analoza phiri limene nkhosa zinali zitabalalika mpaka pamwamba, n'kunena liwu limodzi lapansipansi kwa galu wakuda wa khosi loyera amene anagona pa mapazi awo. Galuyo anathamanga, osati kulunjika nkhosazo ayi, koma kuzungulira kutali m'mphepete mwa mpanda mpaka anasowa. Patapita kanthawi nkhosa zonse zinayamba kutsika pamodzi, zosathamanga, galu ali pambuyo akukwawa ndi mimba, osauwa ngakhale kamodzi.

Kwawo Elton agalu ankawadziwira pa tsiku la katemera wa chiwewe, eni ake atawapana pakhosi. Galu wogwira yekha ntchito ya anthu asanu anali asanamuonepo. Sanakane. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse, ndi Lamlungu akaweruka kutchalitchi, ankakhala kufamuko, ndipo patapita chaka anachepetsa masiku a kumakatoni kuja. Ankadula ziboda, kumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, kuthandiza nkhosa poswa. Popeza pakamwa pa a Rowland sipankathanso kuimba mluzu, anamupatsa kawezulo kawo kachitsulo n'kumuphunzitsa kalizidwe kake: kumanja, kumanzere, gona, bwera nazo. Miyezi itatu Jesi ankangomuyang'ana ngati munthu wosokonekera mutu. Mwezi wachinayi anayamba kumumvera.

Pakhoma la m'khitchini panali zithunzi zisanu ndi ziwiri za agalu aakazi, kuyambira wa bambo awo a Rowland. Aliyense anali mwana wa amene anali kumanzere kwake. Jesi ndiye anali womaliza. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anali asanaberekepo.

"Akafa ameneyu mtundu wathera pomwepo," a Rowland anatero tsiku lina. "Ine miyendo inatha, sindingayendenso m'mafamu a anthu. Wophunzira za ziweto ndiwe. Umupezere wamphongo."

Dokotala wa ziweto amene ankabwera pafamupo, mayi wina wosachulutsa mawu, anamupima Jesi n'kunena kuti akhoza kubereka kamodzi kokha, ndipo chikhale chaka chomwecho. Kenako anapatsa Elton maenvulopu awiri. Mu iliyonse munali timitengo tokhala ndi thonje kunsonga.

"Ina ndi ya Jesi, ina ndi ya wamphongo amene musankheyo," anatero. "Mupukute mkati mwa tsaya, mutumize ku labotale. Agalu a mtundu umenewu ali ndi matenda angapo akumtundu. Galu akhoza kuwanyamula m'magazi iye ali bwinobwino moyo wake wonse. Koma akakumana ndi mnzake wowanyamulanso, ana ena amabadwa odwala. Zotsatira zimatenga masabata atatu. Musawakumanitse zisanabwere."

Elton anavomera. Zimenezi sizinali zachilendo kwa iye. Anaziphunzira ku koleji, ndipo ku Ntchisi ankatha mawu kulangiza alimi kuti asamangotenga nkhunzi chifukwa chokongola. Anaika maenvulopuwo m'dirowa ya m'khitchini kuti apeze kaye wamphongoyo.

Anamupeza mu Seputembala, pa mpikisano wa agalu oweta nkhosa. Anali galu wa mlimi wina wotchedwa a Percy, dzina lake Kapu. Tsiku limenelo nkhosa zinali zaliuma ndipo zinali zitachititsa manyazi agalu asanu ndi mmodzi. Kapu anafika pakhomo la khola, anaima, n'kuiyang'ana m'maso nkhosa imene inkatsogolera zinzake. Nkhosayo inaponda pansi kawiri, kenako inatembenuka n'kulowa. Madzulo omwewo Elton analankhula ndi a Percy, ndipo iwo anavomera.

Mwa kuwerengera kwake, Jesi ankayenera kufuna wamphongo kumapeto kwa Novembala. Nthawi inalipo yambiri. Sabata imeneyo kunali kusankha nkhosa zopita kumsika. Sabata yotsatira mpanda unagwa ndi mvula, ndipo kumakatoni anamuwonjezera mashifiti. Tsiku lililonse akatsegula dirowa kufuna supuni ankawaona maenvulopu aja n'kunena mumtima kuti sabata yamawa.

Jesi anayamba sabata yoyamba ya Okutobala.

Elton anaimbira foni a Percy n'kutchula za kuyeza.

"Kapu anayezedwa maso, ali bwino," a Percy anayankha. "Wabereka ana oposa makumi anayi, palibe amene anabwera kudzadandaula. Ngati ukufuna, bwera nato timitengo takoto. Koma galu wakoyo sadikira masabata atatu."

Zinali zoona. Masiku oyenera anali ochepa, ndipo akadutsa amenewo kunali kudikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Pofika nthawi imeneyo Jesi akanakhala ndi zaka zisanu ndi zitatu, dokotala akanakana. Elton anaima pabwalo foni ili m'manja. Anaganizira za agalu asanu ndi awiri a pakhoma aja, onse okalamba bwino. Anaganizira za ana makumi anayi a Kapu. Patapita masiku anayi anakweza Jesi m'galimoto ya a Rowland n'kupita naye.

Atabwerako anapeza a Rowland atakhala pampando wawo pafupi ndi zenera.

"Za ku labotale zija zinabwera?" anafunsa.

"Zonse zili bwino, a Rowland," Elton anatero akuvula jekete.

Mkuluyo anamuyang'ana pang'ono, kenako anayamba kukamba za nkhosa yamphongo imene inkatsimphina.

Ana anabadwa mu Disembala, asanu, onse amphamvu. Anayi anapita kwa alimi amene anali atawapempha asanabadwe n'komwe, chifukwa mbiri ya Jesi ndi Kapu inali yodziwika. Mmodzi wa alimiwo anali mayi wina wamasiye, a Agatha, wa kumapiri a kumpoto kwa Leeds, amene anatenga kamphongo n'kukatcha Royi. Kamkazi kamodzi kanatsala pafamupo. A Rowland anauza Elton kuti akatche yekha dzina, bola likhale lalifupi lotheka kuitanira pamphepo. Anakatcha Changu.

Elton anamupeza Jesi ataphunzitsidwa kale ndi a Rowland. Koma Changu ndiye anamuyamba yekha. Anamuphunzitsa kugona pansi pabwalo, kenako pa nkhosa zisanu m'kamunda kakang'ono, kenako pa makumi awiri. Ali ndi miyezi khumi ndi inayi anamutumiza kuphiri konse kwa nthawi yoyamba, ndipo anabwera nazo zonse, ndi yopunduka yomwe imene Jesi ankaisiya masiku amenewo. A Rowland anaonerera pa geti. Loweruka lotsatira anauza Elton kuti abweretse Mwandida ndi foni yake adzamujambule galuyo. Chithunzicho anachikhoma chachisanu ndi chitatu. Jesi, amene chiuno chinali chitayamba kuuma, anapuma ntchito ya kuphiri.

Nyengo yoswa nkhosa ya chaka chimenecho Elton anatenga tchuthi chake chonse. Mwandida ankati amabwera kunyumba akununkha ubweya, koma akuimba nyimbo za kwaya zimene anasiya kuimba chibwerereni kuno.

Zinayamba mu Juni. Changu anafika pa geti limene ankadutsapo tsiku ndi tsiku n'kukana kudutsa, akunjenjemera. Elton anaganiza kuti mwina nkhosa inamugunda pamenepo. Sabata ina anamulizira kawezulo kuti apite kumanja, iye anapita kumanzere, n'kukaima pakati pa nkhosa akuyang'ana uku ndi uku ngati wasochera. Elton anamukalipira. Anamubweza m'kamunda kakang'ono kuja kuti ayambirenso. Anamuyang'ana m'makutu, anamusinthira chakudya. Mu Julayi galuyo analumpha mpanda pamalo pamene ankalumpha nthawi zonse, koma anaphonya n'kudzigunda pachifuwa. Anayamba kuluma m'malere ngati akugwira ntchentche zimene panalibe.

Tsiku lina m'mawa mu Ogasiti anagwa pabwalo, miyendo ikuphupha, thovu likutuluka m'kamwa. Atatsitsimuka anamuyang'ana Elton n'kubwerera m'mbuyo, mchira uli pakati pa miyendo.

Dokotala anabwera masana n'kutenga magazi. Akutseka chikwama chake anafunsa osadzutsa mutu.

"Zotsatira za makolo ake zija munazisunga? Ine sindinazionepo."

"Ndiziyang'ana," Elton anatero.

Mayiyo anadzutsa mutu, anamuyang'ana, n'kunyamula chikwama chake.

Patatha masabata atatu anamuitanira ku ofesi yake mumzinda. Matendawo anawatchula ndi zilembo ziwiri zokha, CL. Anafotokoza kuti thupi la Changu linkalephera kuchotsa zinyalala zina, ndipo zinkaunjikana mu ubongo pang'onopang'ono chibadwire. Galu amaoneka wabwinobwino mpaka chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Kenako maso amayamba kufa, miyendo imasokonekera, mantha amakula, kugwa kumachuluka.

"Mankhwala?" Elton anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Palibe. Ambiri safika zaka zitatu." Kenako anapitiriza. "Kuti iye akhale nawo, ndiye kuti Jesi amawanyamula, Kapu amawanyamulanso. Pa ana anayi alionse a makolo otere, mmodzi amayembekezeka kubadwa wodwala. Anabadwa asanu. Eni ake a anayi enawo ayenera kuuzidwa asanayambe kuwabereketsa."

Anatsegula kabati n'kumupatsa maenvulopu anayi.

Elton anakwera tramu, kasitima koyenda mumzinda, anapitirira siteji yake osazindikira, n'kubwerera wapansi. Anapeza Mwandida akusita yunifolomu. Atamufotokozera, Mwandida sanavutike kumva. Anali atagwirapo ntchito ku kiliniki ya ana a matenda a magazi otchedwa siko selo, ndipo nkhani ya makolo awiri athanzi obereka mwana wodwala ankaifotokozera anthu sabata iliyonse.

"Koma si munayeza?" anafunsa. "Ndikukumbuka munkanena za maenvulopu."

"Sindinatumize."

Mwandida anaimika simbi.

"Inuyo? Inu amene simunkalola kuti Khumbo abayidwe jakisoni musanawerenge botolo?"

"Ndinkati sabata yamawa. Kenako galu anafulumira. Ndinaona kuti akadutsa pamenepo ndiye basi."

"A Rowland akudziwa?"

"Ndinawauza kuti zonse zili bwino."

Mwandida anakhala pansi.

"Amene ndinakutumizani kwa madala aja ndine," anatero. "Mukawauze mawa, bambo a Khumbo. Mawa lomweli."

M'mawa mwake Elton sanapite kukhola monga mwa nthawi zonse. Analowa m'khitchini, anatsegula dirowa, anatulutsa maenvulopu awiri akale aja pansi pa masupuni n'kuwaika patebulo pamaso pa a Rowland. Anali asanatsegulidwe. Ananena zonse ali chiimire: za matendawo, za Changu, za ana anayi ena, ndi za bodza lake.

A Rowland anasuntha envulopu imodzi ndi chala cha dzanja lawo labwino.

"Ndinawaona," anatero. "Tsiku lomwe unapita ndi Jesi lija. Ndinkafuna mabatire."

Elton anakoka mpando n'kukhala.

"Nanga munandifunsiranji?"

"Ndinkafuna unene kuti zili bwino." Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi. "Ukanati tidikire, ndikanadikira. Koma unanena zimene ndinkafuna kumva. Ine n'kutseka pakamwa."

Elton anabwera atakonzeka kutukwanidwa, ngakhale kuthamangitsidwa. Zimene anamvazi sizinamupepukitse mpang'ono pomwe. Anakhala awiriwo patebulo mpaka anamva Changu akugunda chitseko cha khola lake, akulephera kupeza potulukira ngakhale chinali chotsegula.

Popeza a Rowland sankamveka bwino pafoni, woimba mafoniwo anali Elton. Mlimi woyamba anamutukwana n'kudula. Wachiwiri anati galu wake wamkazi anali atamukumanitsa kale ndi wamphongo wosayezedwa mwezi wapitawo. Wachitatu anangoti atumize envulopuyo. A Agatha anamvetsera mpaka pamapeto.

"Royi ali bwinobwino," anatero. "Dzulo wanditsitsira nkhosa mazana atatu, osalakwitsa pena paliponse."

"Mwina alibe, mayi. Ambiri sakhala nawo. Koma muyeze."

A Percy anakana kwamtuwagalu kuti vuto lingachokere kwa Kapu. Patapita mwezi anamuyeza mwakachetechete, ndipo zinadziwika kuti amawanyamula. Anthu amene ankabweretsa agalu awo kwa Kapu anasiya. Kuyambira pamenepo a Percy akamuona Elton kumsika wa nkhosa ankatembenukira kumbali.

Zotsatira za ana anayi zinabwera mu Okutobala. Mmodzi analibiretu, koma anali wamphongo wofulidwa kale. Awiri aakazi ankangowanyamula, ndipo sakanadwala. Royi anali nawo enieni, monga mlongo wake.

Dokotala anauza Elton kuti mtundu wa Jesi sunathe. Mmodzi wa aakazi awiriwo akanakumana ndi wamphongo woyezedwa, wopanda matendawo, ana onse akanakhala athanzi. Elton anathamangira nayo nkhaniyo kufamu ngati wapeza chinthu.

"Kagalu kobadwa chaka chamawa kadzakwera phiri patapita zaka ziwiri," a Rowland anatero. "Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi. Nanga nkhosazi zitsika bwanji chisanu chino?"

"Tikhoza kupeza galu wophunzira kale."

"Chibadwire changa sindinawetepo nkhosa ndi galu wa eni. Sindiyamba lero."

Elton anayesa yekha kamodzi, wapansi, Jesi akumutsatira motsimphina mpaka theka la phiri. Anatha tsiku lonse pamvula n'kutsitsa nkhosa zosakwana makumi asanu ndi limodzi. Zina zonse zinkangomuzungulira n'kubwerera kumtunda. Kumapeto kwa mweziwo anansi anabwera ndi agalu awo, anasonkhanitsa gulu lonse, ndipo malole awiri anadzazitenga kupita nazo kumsika. A Rowland sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo.

Changu anali asakuonanso bwino. Ankayenda mozungulira m'khola lake mpaka zikhadabo zinaperepeseka. Masiku ena ankamva mawu a Elton n'kugwedeza mchira, n'kubwera kudzatsamira miyendo yake, ndipo masiku oterowo Elton ankauza dokotala kuti adikire kaye. Dokotala ananena kawiri kuti nthawi yakwana. Elton anapempha sabata ina, kenako inanso.

Tsiku lina mu Novembala analowa m'kholamo ndi mbale ya chakudya. Changu anali pakona akunjenjemera. Elton anagwada n'kumuitana dzina, anatambasula dzanja, ndipo galuyo anamulumpha n'kumuluma pamkono mpaka mano anakumana. Atamusiya anakodza pomwepo ndi mantha, n'kuyamba kulira kulira kumene Elton anali asanamvepo kwa galu.

Mwandida ndiye anamutsuka balalo madzulo ake. Atamaliza kumanga anangomupatsa foni kuti aimbire dokotala wa ziweto.

Dokotala anabwera m'mawa. Anayamba wabaya Changu mankhwala ogonetsa, ndipo atafooka Elton anamunyamula n'kumukhazika pamiyendo pake pa udzu wouma. Anamugwira mwendo wakutsogolo kuti mtsempha uoneke, monga ankagwirira ziweto za anthu ena kwa zaka zambiri. Dokotala anamubaya jakisoni womaliza, ndipo sizinatenge mphindi. Anali ndi mwezi umodzi wotsala kuti akwanitse zaka ziwiri. Nthaka ya kuseri kwa khola inali yamiyala, ndipo ndi mkono umodzi Elton anakumba mpaka masana.

Khirisimasi isanafike a Rowland anasiya famu. Anasamukira m'kanyumba ka anthu okalamba mumzinda momwemo, komwe anawalola kukhala ndi Jesi. Elton ankapitako Lamlungu lina lililonse. Ankakamba za nyengo ndi za mabasi ochedwa. Jesi ankagona pansi pa tebulo, ndipo Elton akalowa sankadzukanso.

Sabata yachiwiri ya Januwale, Loweruka masana, foni inalira ali kunyumba. Anali a Agatha.

"Wayamba," anatero. "Akukana kukwera m'galimoto. Dzulo wagunda chitseko." Mawu awo anali ouma. "Dokotala wa kuno matendawa anangowawerenga m'buku. Inu munawaona. Mundiuze zimene zikubwera, mwadongosolo lake. Musandibisire."

Elton anawauza. Ananena za kusochera pakati pa nkhosa, za kuluma m'malere, za kugwa, za kuzungulira m'khola. Anawauzanso za masiku abwino aja, kuti adzabwera, ndipo adzawanyenga.

"Ndidzadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?"

"Ine ndinachedwa, mayi. Musadikire mpaka aiwale kuti ndinu ndani."



"Ndimakhala ndekha," a Agatha anatero. "Tsiku limenelo sindidzatha kumugwira, ndiponso kukumba. Mudzabwere. Si kuti ndakukhululukirani ayi. Koma mudzabwere."

"Ndidzabwera."

A Agatha anamuitana kumapeto kwa Febuluwale. Elton anakwera sitima ya m'mawa kupita ku Leeds, inanso kupita kumapiri, ndipo a Agatha anadzamutenga pa siteshoni. Royi anali wamkulu kuposa mlongo wake, ndipo anali akadawadziwa mbuye wake. Galimoto italowa pabwalo anabwera modzandira, anawapeza ndi fungo, n'kuika mutu m'manja mwawo. A Agatha anakhala naye choncho mpaka dokotala anafika, kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Elton anagwira mwendo wa Royi kuti dokotala abaye. Pambuyo pake anakumba pamene anamulozera, pansi pa mtengo wa pafupi ndi khola.

Pobwerera mayiyo anamuperekeza ku siteshoni pa galimoto. Ataima sanazimitse injini.

"Anthu amati mumadziwa kuphunzitsa galu," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Muli ndi wina?"

"Ayi."

"Mudzatenganso?"

"Ayi, mayi."

A Agatha anagwedeza mutu, anatambasula dzanja n'kumutsegulira chitseko. Sitima inali itachedwa ndi mphindi makumi anayi. Elton anakhala pabenchi yonyowa, matope a m'dzenje muja akuuma m'manja mwake, n'kuidikira.